Katupe wa M'thanki ndi Mlonda wa Kumunsi

Olemekezeka Bwana DC, inu amene mwasiya ofesi yozizira ku Boma n'kudzapsa nafe kuno kutsidya. Olemekezeka Gogo Chalo, eni nthaka imene takhalirayi, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zonse. Olemekezeka akuluakulu a sukulu yaukachenjede, amene maudindo anu andiuza katatu m'mawawu koma onse andithawa m'mutu, mundikhululukire. A Shehe athu. A Bambo a ku mishoni. Alangizi a zaulimi. Abwana a zausodzi, amene ndikuona mwayamba kale kundiyang'ana ndi diso limodzi. Dokotala Safia Latif ndi anzanu ovala zoyera. Amayi ndi abambo, inu a kumtunda ndi inu a kumunsi kwa mtsinje wathu wa Nankundi. Asalaam aleikum. Mtendere ukhale nanu nonse.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Atumani Wadi, msodzi amene nyanja inamutopetsa, ndipo tsopano ndimangowedza anthu ndi nkhani pamsika. A komiti anandilembera mawu okoma papepala, anandiwerengera kawiri kuti ndiloweze. Pepalalo ndalisunga bwino, lili mu kofia muno, likuthandiza kumwa thukuta. Sukulu yanga inali khutu, ndipo cholembera changa ndi lilime lino, choncho mundilole ndilankhule monga ndizolowera. Akuti mphindi khumi. Amene amandidziwa aseka kale.

Mwina mukudabwa kuti pamene pali anthu a mataye, nanga nkhalamba iyi yakhala bwanji pampando wa pakati. Nkhani yake ndi ya mpanda wanga. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mzere wa zitsamba za katupe, chimene akumtunda amati ombwe. Achinyamata a lero sachidziwa, koma ife tinkasinja masamba ake n'kuthira m'dziwe, nsomba n'kuledzera, n'kuyandama mimba kumwamba. Abwana a zausodzi, khalani pansi, musandimange, boma linaletsa kalekale ndipo ine ndinasiya boma lisanaletse. Ndikuuzani chifukwa chake posachedwa. Zaka zitatu zapitazo kunabwera mtsikana uyu, Dokotala Safia, atavala nsapato zafumbi, nagwada pakhonde ngati mwana wa pakhomo, nati, "Ambuje, ndathyola masamba a katupe m'midzi khumi ndi iwiri, koma ukali uli m'mpanda wanu sindinaupeze kwina. Mungandipatseko?" Ndinamupatsa dengu lodzaza. Ndinkayesa akukapha nsabwe za nkhuku.

Lero ndi uyu wandiitana kuti ndidzaone chimene dengu lija labala. Ndikuuzeni monga ndinamvera ine, ndikalakwa ophunzira andikonze. Akuti m'kati mwa tsamba lililonse muli malangizo obisika, amene amauza chitsamba mmene chingaphikire ukali wake. Ana awa anatapa malangizowo, n'kuwalowetsa m'tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene iwo amati mabakiteriya. Tizilomboto amatiweta m'mathanki achitsulo ali m'nyumba iyi, amatidyetsa madzi a shuga, ndipo ito, popanda muzu, popanda tsamba, popanda mvula ngakhale dzuwa, timatulutsa ukali womwe uja wa katupe. Ukaliwo amautsanula, n'kuuyeza, n'kuuika m'mabotolo, kuti mlimi akapopere mbozi zimene zikutha chimanga chathu, ndi nkhupakupa zimene zikuyamwa ng'ombe. Chimene mpanda wanga ungabale chaka chathunthu, thanki imodzi akuti imabala pasabata.

Pa ichi ndiyenera kuthokoza, ndipo ndikuthokoza ndi manja awiri. Ndaona amayi akuyenda phesi ndi phesi kuthira mchenga ndi phulusa m'maso mwa chimanga, mbozi n'kumangoseka. Ndaona munda wobiriwira Lolemba utasanduka sefa pofika Lachisanu. Ngati nyumba iyi ichotsa misozi imeneyo, Mulungu adalitse amene anaiganiza, amene anaimanga, ndi amene anasenza njerwa zake. Ndithokozenso kuti nzeru zimenezi sizinabwere pa ndege, zabwera ndi mwana wa konkuno, amene anamwa madzi a nyanja yomweyi.

Mwaomba m'manja, zikomo. Koma sungani ena, chifukwa zimene zikubwerazi sizili papepala lija.

Abale anga, ine ndili ndi mantha. Chiyambire Lachiwiri, pamene anandiyendetsa m'nyumba muno, chakudya sichikutsika bwino. Ndipo kuti mumvetse mantha a nkhalamba, muyenera kubwerera nane ku chaka chimene ndinakwatira malemu mkazi wanga Ajira.

Kale kuthira katupe sikunali kwa chisawawa, kunali ndi mwambo wake. Munkadikira chilimwe, mtsinje utaduka maiwe. Munkatseka kukamwa kwa dziwe, uko madzi amatulukira, ndi khoma la dothi ndi miyala, lopondedwa bwino. Ndipo lamulo lalikulu linali ili: pakhomapo pankaima mlonda, ndipo mlondayo sankachokera m'mudzi wa othira katupe ayi. Ankachokera kumudzi wa kumunsi, kwa anthu amene amamwa madziwo akadutsa. Iye akati khoma silinalimbe, simunkathira. Iye akati madzi sanayere, simunkagumula. Makolo ankadziwa kuti munthu amene maso ake ali pa nsomba sangaone pamene pakudontha. Amaona ndi amene mtsuko wa mkazi wake uli kumunsi.

Mlonda wa masiku amenewo anali Mdala Marko, wa kumudzi wa ku mishoni uko, munthu wochedwa pa chilichonse. Ankayenda pakhoma ngati nanzikambe, kuponda apa, kugogoda apo, kenaka n'kunena kuti, "Liume kaye, tionana mkuja." Tsono ukwati wanga unali Lamulungu, alendo ochokera ku Makanjira anali kale panjira, ndipo ndiwo panalibe. Mnzanga Che Abudu, Mulungu amukhululukire kumene ali, anandikoka dzanja nati, "Iwe Atumani, kodi ukukwatira Ajira kapena ukukwatira Marko? Dothi n'lachiyani? Tiluke biyo la bango, lothinana, ngakhale kansomba konga chala sikadutsa." Ine ndinati, "Nanga mlonda?" Iye anati, "Mlonda ndine. Kodi ndilibe maso?"

Tinaluka biyolo Loweruka m'mawa, ndipo kunena zoona linali biyo lokongola. Tinasinja katupe mitondo inayi. Dzuwa lisanafike pamutu madengu anali atadzaza, ndipo palibe nsomba ngakhale imodzi imene inadutsa bango lija. Tinkavina m'madzi. Mwaona kupusa kwake? Tinatsekera nsomba, koma madzi sitinawatsekere. Ukali sunali mu nsomba, unali m'madzi, ndipo madzi ankadutsa m'bango mwakachetechete, pakati pa miyendo yathu, ife tili kalikiliki kutola.

Lamulungu masana, anthu akudya, amayi akululutira, ndinaona Mdala Marko akulowa pabwalo atasenza dengu. Mtima unakhala pansi, ndinati mdalayu wabweretsa mphatso, ndiye kuti sanamve kanthu. Anafika pamene ndinakhala ndi mkwatibwi, natsitsa dengu, nakhuthula pamapazi anga. Tinali tiana ta ntchila, tating'ono ngati chikhadabo, tambirimbiri, toyera mbuu, tayamba kale kununkha. Ng'oma inaleka yokha. Sanakalipe mdala uja. Anangoti, "Mwana wa Wadi, nayi mphatso yako. Mtsinje wayera kuchokera padziwe lako mpaka pamathiriro. Ana kwathu akusanza. Izi zinali nsomba za ana ako, wazidya iwo asanabadwe." Anatola dengu lake napita.

Zaka zinayi ntchila sizinakwere mtsinje wa Nankundi. Anthu a kwa Marko, amene ankadalira miono yawo pamathiriro, anadya ndiwo zamasamba mpaka ena anasamuka. Sindikunena kuti ntchila zonse za m'nyanja ndinamaliza ndine, ambiri tinathandizana tchimo limenelo. Koma za mtsinje uno ndikudziwa dzanja limene linasinja. Mdala Marko anamwalira osandilankhulanso, ndipo ine, ndi pakamwa ponse pano pamene mumapadziwa, sindinapite kukapepesa. Mpanda wa katupe uja sindinaudzale kuti ndizithira m'madzi. Ndinaudzala kuti ndiziuona m'mawa uliwonse.

Tsopano bwererani nane ku Lachiwiri lapitali. Anandiveka chijasi choyera, nsapato za pulasitiki ndi kachisoti, ndinaoneka ngati mtembo woyenda. Dokotala anandiika diso pa makina oonera tinthu tating'ono, nati, "Ambuje, antchito athu ndi awa." Ndinaona timitengo tating'ono tikuyenda piringupiringu ngati usipa pansi pa nyali. Anati m'kadontho kamodzi muli tochuluka kuposa anthu a m'dziko lino. Ndinafunsa kuti, "Mama, kodi timeneti kwawo n'kuti?" Mwana uyu sanama, ndimamukondera chimenecho. Anati, "Makolo ake amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Koma timeneti tinatifoola, sitidwalitsa munthu, ndipo kunja kwa thanki sitingakhale moyo nthawi yaitali."

M'matumbo. Inu a kuno mukudziwa chimene mawu amenewo amatikumbutsa. Chaka cha kolera chija, pamene matenti anadzaza kuchipatala, a zaumoyo anatiuza kuti wakupha ndi kachilombo kosaoneka kokhala m'madzi. Ajira wanga anadwala m'mawa atachoka kotunga, ndipo tsiku lotsatira tinali kumanda. Dokotala wandiuza kuti ta m'thanki ndi mtundu wina, n'tosiyana ndi ta kolera monga mbuzi isiyana ndi fisi, ndipo ine ndamukhulupirira. Koma mtima wa munthu amene anaika mkazi wake chifukwa cha chinthu chosaoneka sumva msanga. Kale tinkaopa ng'ona, koma ng'ona umaiona mphuno. Katupe wanga anali woopsa, koma ankatha mphamvu pakapita masiku, ndipo mtondo ukatha, watha. Uyu wa m'thanki ali ndi omuphika amoyo, amene amaswana okha. Nanga atatuluka, n'kukapeza kuti kunja kuno sikoipa monga munkaganizira? Nkhuku nayo amati singakhale kutchire, koma ine ndinaionapo itaikira m'bango.

Anzake a Dokotala ankafuna kundionetsa kutsogolo, kumene kuli mabotolo okongola. Ine ndinati ayi, ndionetseni kuseri. Nyumba iliyonse imene imamwa madzi iyenera kukodza, tsono iyi imakodzera kuti? Pepani a Shehe, pepani a Bambo, palibe mawu ena. Ananditengera kuseri. Kuli chimphika chachitsulo chotseka ndi zomangira, m'mene amaphikamo madzi onse otsala kuti tizilombo tife. Kuchoka apo madzi amalowa m'dzenje la simenti. Ndipo kuchoka m'dzenjemo pali paipi, yokhala ndi chotsekera chake ndi loko mmodzi, imene imatsikira m'khwawa. Khwawa limenelo ndimalidziwa ngati chikhatho changa. Limathira mu Nankundi, pamtunda pang'ono pa dooko pamene amayi a kwa Marko amatunga ndi kuchapa.

Ndinafunsa, "Chimphikachi chimayaka ndi chiyani?" Anati magetsi. Ndinati, "Magetsi akazima?" Mukuseka, chifukwa mukuwadziwa magetsi athu. Anati pali jenereta. Ndinati, "Mafuta akasowa, anthu n'kumagona pamzere?" Anati pali sola padenga. Ndinati, "Mitambo ikakuta sabata yathunthu, ngati nthawi ya namondwe ija? Nanga nyanja ikadzaza ngati chaka chija inalowa m'makhitchini mwa anthu?" Anandionetsa kuti dzenje analikweza kupitirira pamene madzi anafika. Mayankho onse anali nawo, ndipo anali mayankho abwino. Kenaka ndinafunsa lomaliza. "Kiyi wa loko uyu amasunga ndani?" Anati, "Timasunga ife tomwe, Ambuje. Tili ndi maso."

Abale anga, ndinamva mawu a Che Abudu atatuluka m'manda.

Sindikunena kuti ana awa ndi osasamala. Biyo lawo ndi lachitsulo, langa linali la bango. Koma tsiku lidzafika, chifukwa limafika kwa aliyense, pamene galimoto idzakhala ikudikira mabotolo panja, alimi akulira mbozi, dzenje litadzaza, chimphika chisanatenthe bwino, ndipo wina wotopa adzati, "Tsegula, kamodzi kokha sikapha." Ameneyo sadzakhala munthu woipa. Adzakhala munthu amene ukwati wake uli mawa. Ndipo madzi saiwala khwawa.

Koma m'nyumba muno ndinatulukamo ndi zinthu ziwiri zimene zandipatsa poyambira. Pa chilichonse cholowa m'chimphika chija amamatapo kapepala koyera. Moto ukakwana, pakapepalapo pamatuluka mizere yakuda. Moto ukapanda kukwana, kamakhala koyera. Dokotala anandipatsa tiwiri nati ndisiyanitse, ndipo ndinasiyanitsa. Zaka zanga zonsezi, imeneyo ndiyo kalata yoyamba imene ndawerenga ndekha! Chachiwiri ndinawaphunzitsa ndine. Ndinati ngati mufuna kudziwa kuti m'madzi mwatsala ukali wa katupe, tungani ndowa imodzi, ponyanimo timatemba tamoyo, dikirani kuchokera m'mawa mpaka dzuwa lipendeke. Tikatembenuza mimba, musatsegule. Dokotala anaseka nati makina awo amayeza bwino kuposa pamenepo. Ndinati inde mama, koma makina anu amalankhula ndi inu nokha, pamene matemba amalankhula ndi aliyense.

Tsono ndisanagwire sizasi iyi kuti ndidule nsalu yamangidwa pakhomoyi, ndili ndi pempho, ndipo ndalisungira dala pamaso pa Bwana DC ndi Gogo Chalo, kuti likhale ndi mboni. Mayi Celestina, ndakuonani mwakhala kumbuyo uko pansi pa mtengo ndi amayi anzanu. Taimani. Bwerani kuno kutsogolo, musaope mataye. Apatseni njira. Olemekezeka, mayi awa ndi amene amatsogolera amayi a padooko la kumunsi, ndipo ndi mdzukulu wa Mdala Marko.

Ichi ndatulutsa m'thumbachi ndi loko wa boti langa. Wamanga unyolo wanga pagombe zaka makumi awiri, mwera unamumenya, dzimbiri linamulawa, koma wakuba sanamutsegulepo. Boti ndinagulitsa, loko ndinakaniza. Pempho langa ndi lakuti pa chotsekera cha paipi ija pakhale maloko awiri, wa inu a sukulu ndi uyu. Kiyi wa uyu akhale kumunsi, m'manja mwa mayi Celestina ndi amene amayi adzasankhe pambuyo pawo. Tsiku lotaya madzi muziwaitana. Aone mizere yakuda ndi maso awo, aone matemba akusambira, ndipo akakhutira atsegule. Akati dikirani, mudikire, ngakhale galimoto ilize hutala mpaka batire ithe. Adzakuchedwetsani, ndikudziwa. Agogo awo anandichedwetsa masiku awiri okha, ine ndinakana, ndipo ndakhala ndikulipira ndi mtima zaka makumi asanu.

Ndikuona akuluakulu a sukulu akunong'onezana. Nong'onezanani bwino, ine sindithamangira kulikonse, ndipo nsalu iyi siidzidula yokha. Bwana wamkulu, mukuti mukakambirane kaye ku likulu? Ku likulu samwa madzi a Nankundi, bwana. Dokotala Safia, mwana wanga, iwe unagwada pakhonde panga, ndipo ine sindinati ndikakambirane kaye. Ukuti bwanji?

Mwamva? Kumbuyo uko simunamve, chifukwa chinkuzamawu chili kwa ine. Wati, "Ambuje, loko wanu alowe lero lomwe." Ndipo bwana wamkulu wagwedeza mutu, Bwana DC aona, Gogo Chalo aona, a Shehe ndi a Bambo aona. Tsopano ombani m'manja aja ndinati musunge.

Mayi Celestina, tambasulani dzanja. Kiyi ndi ameneyu. Ndipo pali mawu amene ndinayenera kukanena pakhomo pa agogo anu ndili ndi mano onse, ndiwanena kwa inu lero ndili ndi atatu. Ndinalakwa. Ndinathira katupe popanda mlonda, ndipo ana a kwanu anasanza chifukwa cha ukwati wanga. Pepani. Musandiyankhe pano, mukayankhe pa paipi, pokana kutsegula tsiku limene mtima wanu wakayika.

Mantha anga sanathe, ndisakunamizeni. Tizilombo tija ndikatseka maso ndimationabe tikuyenda piringupiringu, ndipo sindidziwa chimene tidzakhale adzukulu a adzukulu athu akadzakula. Mpanda wanga sindidula, ukhalepo, kuti tsiku lina mathanki akadzakhala chete anthu adzadziwe kumene ukali unachokera. Koma munthu wamantha amene waika mlonda amatha kumeza chakudya.

Dokotala, gwira kuno tidulire limodzi. Bismillah. Ndi ulemu umene mwandipatsa, pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu a kumtunda ndi a kumunsi, ndikulengeza kuti nyumba iyi yopangira mankhwala a katupe yatsegulidwa tsopano. Ndatsegula khomo la kutsogolo lokha. La kuseri mwini wake ndi uyo waima apoyo, akumanga kiyi pa mpango.

Sikomo kwejinji. Zikomo kwambiri.